Anesi a Iness ndi Pampu ya Njinga

Pamsewu wafumbi wochokera ku Domasi Mission kulowera kumapiri pali kachipatala ka zipinda zitatu, kofolera ndi malata. Kumeneko ndi kumene a Iness Namaona agwira ntchito ya unamwino zaka khumi ndi zinayi. Anthu sawatchula dzina, amangoti Anesi. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, ndipo ukamawalankhula amapotoza mutu kuti akupatse khutu lakumanja. Lakumanzere linasiya kumva bwino mu 1986.

Anabadwira konkuno kwa Malemia, m'banja la alimi opemphera ku Mishoni. Atamaliza maphunziro anagwirako ntchito m'tauni, koma amuna awo atamwalira anapempha kubwerera kwawo, kuti ana awo atatu akulire pafupi ndi munda.

Tsiku la sikelo ya ana azimayi amalawirira n'kundandika makadi pakhonde, lililonse ndi mwala wake pamwamba. Nthawi zina makadi amakwana makumi asanu ndi awiri. Koma Anesi sayambira pa khadi loyamba. Amayamba ayenda mzere wonse, kusuzumira m'nsalu zoberekera, kugwira liwombo, kuona m'maso, ndipo wodwalitsitsa ndiye amalowa poyamba. Chifukwa cha zimenezi atukwanidwapo kambirimbiri. Mkazi wa kalaliki wina anawauzapo kuti ntchito yawo ndi kutaya mabeseni basi, ndipo bambo wina woledzera anawalavulira pa yunifolomu. Iwo ankangopukuta n'kuitana wotsatira.

Mu Okutobala wa 1986 chikuku chinavuta m'midzi. Kuno ambiri amati mwana wa chikuku sasambitsidwa, satulutsidwa panja, ndipo sabayidwa jekeseni, chifukwa akuti nsungu zimabwerera m'kati n'kumupha. Lachiwiri lina, kumapeto kwa mzere, Anesi anapeza mayi wachitsikana dzina lake Dina atakhala pansi pa mtengo wa mango, alibe khadi, mwana atamukulunga zitenje ziwiri dzuwa likuswa mtengo. Anali atazemba kunyumba mwamuna wake ali kudimba. Mwanayo, Vera, anali wa zaka ziwiri.

Anesi anamasula wotchi ya pachifuwa n'kuwerenga kupuma kwa mwana. Anapuma kokwana 62 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa chikuku panali chibayo. Anamufotokozera Dina kuti pafunika majekeseni asanu, imodzi pa tsiku, ndipo kulekeza panjira kuli ngati kusayamba n'komwe. Dina anagwedeza mutu, mwana anabayidwa.

Asanamange n'komwe chitenje, panja panaima njinga. Anali a Tobias, mwamuna wa Dina, matope akudimba adakali m'miyendo, pampu ya njinga ili m'manja. Anafunsa ngati mwana wabayidwa. Anesi anavomera, n'kutembenuka kuti aike singano mumphika wowiritsira. Pampu inawapeza pakhutu lakumanzere. Azimayi a pamzere anawagwira a Tobias, koma anapulumuka, n'kukweza mkazi ndi mwana panjinga. Pampu inatsala pansi.

Adokotala a pachipatalapo anawasoka katatu, ndipo akusoka anali akunena kale za kalata yopita kupolisi ndi ina yopempha kuti Anesi asamutsidwire ku Zomba. Anesi anati nkhaniyo ilembedwe ndithu, koma kalata idikire masiku anayi. Bambo akamangidwa lero, mudzi wonse udzati chipatala chabaya mwana n'kumangitsa bambo wake, ndipo Vera sadzaonekanso. Majekeseni anali atatsala anayi.

Masana omwewo, bandeji ili kumutu, anayenda mamailosi atatu kupita kumudzi kwa Dina. Sanalunjike kunyumba kwa a Tobias. Pokhala mwana wa kuno, ankadziwa kuti mkamwini angakalipe chotani, mawu omaliza pa mwana ndi a malume ake. Choncho anafunsa kwa a Eneya, mlongo wake wa Dina, kalipentala. Anawapeza akupala chitseko.

A Eneya anayang'ana bandeji, n'kuyang'ana pansi. Anayamba kupepesa, koma Anesi anawadula mawu, n'kupempha kuti aitane Dina ndi mwana, abweretsenso mwana wina wa msinkhu womwewo amene sakudwala. Atabwera nawo, Anesi anawapatsa a Eneya wotchi.

"Inu mumayeza matabwa, achimwene. Yezani ana awa. Kasingano kakazungulira kamodzi, mundiuze wapuma kangati."

A Eneya anawerenga milomo ikugwedera. Mwana wabwino anapuma 30. Vera anapuma 60. Anabwereza kawiri, chifukwa sankakhulupirira kuti ana ofanana angasiyane chonchi.

"Ndiye ndi nsungu zimenezi?" anafunsa.

"Nsungu zili pakhungu, sindinazikhudze. Ichi chili m'chifuwa. Ndicho ndikubaya."

A Tobias anali atatsamira nkhokwe chapatali, akumva zonse. Anati agogo awo anataya ana awiri chifukwa cha jekeseni. A Eneya anawayankha mosakweza mawu kuti mwanayu ndi wa mbumba yawo, ndipo mawa amunyamula okha.

Lachitatu anabweradi, Dina ali kumbuyo kwa njinga. Asanalowe, a Eneya anapempha wotchi. Anapeza 54. Lachinayi 46. Lachisanu mwana anapuma 38, n'kulanda nthochi m'manja mwa mayi wina pamzere. Masiku onsewa Anesi ankagwira ntchito mutu ukulira ngati muli njuchi, ndipo njinga ikaima panja ankayamba aika singano pansi n'kusuzumira kuti aone amene wafika.

Loweruka, kumbuyo kwa a Eneya kunabwera a Tobias, akukankha njinga yophwa tayala. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Pampu yawo inali pawindo, yopindika pang'ono pakati.

"Mwabwerera pampu, bambo a Vera?"

"Ndabwera kudzapepesa, Anesi."

"Lankhulirani mbali iyi. Uku munatseka nokha." Anawaloza benchi. "Khalani apo. Mumugwire miyendo."

A Tobias anakhala, namuika mwana pamwendo. Singano ikulowa anatsinzina, ndipo Vera analira mokweza mpaka azimayi a pakhonde anaseka, chifukwa Lachiwiri lija analibe ndi mphamvu yolirira yomwe.

Kalata ija adokotala anaitumiza Lolemba, monga anapanganirana, ndipo a Tobias anakayankha mlandu wawo. Ya kusamuka Anesi anakana kusainira. Khutu silinabwerere. Pampu Anesi anabweza Loweruka lomwe lija, poti munthu wakudimba sangakankhe njinga mamailosi atatu kawiri.

Vera tsopano ali ndi zaka zinayi. Khadi lake limakhala pakhonde ndi mwala wake ngati ena onse, ndipo nthawi zambiri amalowa kumapeto, chifukwa Anesi akamayenda mzere wawo m'mawa amangomugwira pamutu n'kupitirira.