Mpando wa Amayi Uli Pakhonde

Lachinayi, Novembala 1948, ku Makokoba, Bulawayo

Lero ndadzuka mtima uli wolemera, ngakhale kunja kukununkhira mvula yoyamba. Ndikulemba izi kuti anzanga akusukulu adzawerenge, chifukwa ndinalakwa, ndipo sindifuna wina alakwe ngati ine.

Achimwene anga amagwira ntchito pagalaja m'tauni. Bwana wawo anawapatsa chigalimoto chakale chimene munkaikira nkhuku, iwo nkuchikonza pang'onopang'ono mpaka chinalira. Cholinga chinali chimodzi: kukatula amayi kwathu ku Ntcheu, kumene ine sindinapondeko. Amayi ankatsokomola kwambiri, ndipo ankati safuna kugona m'manda a machona. Anasoka okha nsalu ya mpando wa kumbuyo, nkumati, "Apa ndi panga."

Kenaka kunabwera anyamata okonda magalimoto akale, amene amapikisana Lamlungu pamsewu wafumbi kuseri kwa njanji. Kwa iwo galimoto yabwino ndi yopepuka ndi yaphokoso. Anati injini ya achimwene ndi yaukali, koma yasenza katundu wambiri. Achimwene anawamvera, nkuchotsa denga, kenaka zitseko. Inu owerenga, musaganize kuti ndinkadana nazo. Atandikweza, mphepo inandilanda duku, ana a m'lokeshoni akutithamangira, ndipo ndinadzimva ngati Bulawayo yense ndi wanga.

Tsiku lochotsa mpando wa kumbuyo, amayi anafunsa, "Nanga ine ndidzakhala pati, mwanawe?"

Achimwene anazyolika. Mwina akanaleka. Koma ine ndinayankha msanga: "Amayi inunso, ndi mabawuti chabe. Ikangopambana kamodzi, achimwene abwezeretsa."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero amayi akumwetulira. Mpandowo tinauika pakhonde.

Inapambanadi. Koma wopambana kamodzi safuna kuleka. Lamlungu lina injini inasweka pakati pa mpikisano, utsi uli tolotolo. Palibe anavulala, ndipo tinkati tachita mwayi. Koma zitsulo za galimoto yakale chonchi sizipezekanso. Amayi anatha nyengo yonse yozizira pampando uja, atafunda bulangete, maso ali kumsewu. Sanatidzudzule ngakhale kamodzi. Tinawaika mwezi watha, konkuno.

Anzanga, magalimoto amenewa ndi okoma, sindikana. Koma chinthu chimene munalonjeza munthu wodwala musachibwereke, ngakhale kwa Lamlungu limodzi. Ndiponso kholo likafunsa funso mofatsa, musathamangire kuyankha poti mwapita kusukulu. Ena sadziwa kupempha kawiri.

Chiikireni maliro achimwene sanabwere kunyumba. Akuti amagona kugalaja, pambali pa galimoto yakufayo. Mawa ndikaweruka ndipita kukawatenga. Sindikawauza zambiri. Ndikangoti mvula yayamba, nsalu ya amayi inyowa, ndipo mpandowo sindingathe kuulowetsa m'nyumba ndekha.