Ndasiya njinga ya amalume popereka moni

Pepani akuluakulu, ine sindilembalemba pagulu pano, koma kuli bwino mumve kwa ine mwini wake, Yohane, zomwe zachitika lero kwa amalume ku South C, kuno ku Nairobi.

Mukuidziwa njinga yamoto ija anagula atangofika ku Nairobi m'zaka za m'ma 1980. Mashoko ake akumbuyo, aja okhala ndi sipuling'i, anatha mphamvu, ndiye m'mawa uno timaika atsopano pakhonde. Poti sitandi inathyoka kalekale, amalume anati, "Iwe nyamula kumbuyoku, ine ndilowetse bawuti. Usasiye, wamva?" Ndinati ndamva.

Bawuti isanalowe, pageti panatulukira abusa akutchalitchi kwathu. Anafika pomwe ndinaima n'kutambasula dzanja. "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Abale, kumudzi munatiphunzitsa kuti wamkulu sapatsidwa moni ndi dzanja limodzi. Sindinaganize n'komwe. Ndinapereka manja onse awiri, n'kuwerama ndithu.

Njinga inatsika n'kupana chala cha amalume. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo, abusa ali pomwepo, sindingawalembe pano.

Kuchipatala ku Upper Hill atiuza kuti fupa silinathyoke, koma chikhadabo chichoka. Pobwerera tinakwera matatu, minibasi yakuno ija. Titafika kunyumba amalume anangoti, "Mphwanga, ulemu wakowu udzapha munthu." Sindikudziwa ngati amaseka kapena ayi.

Manyazi andigwira, ndangodzitsekera kuchipinda. Amayi, azakhali, ndithandizeni, ndiwapepese bwanji kuti asandibweze kumudzi sukulu isanathe? Nanga inu mukanakhala ine, abusa mukanawasiya dzanja lili m'malere?