Tsiku limene adzukulu anamwa tiyi wa bambo

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, khosi litauma chifukwa chotsamira khoma. Amayi a kutchalitchi amene anachezera kuyimba anali atagona mothithikana pamphasa, koma mayi anga anali chikhalire pafupi ndi bokosi la bambo. Panja nkhungu ya mu Juni inali itakuta mapiri a Tsangano, amuna akuotha moto atafunda mabulangete. Ndinatchera khutu kumanda, poti si patali ndi kwathu. Sindinamve khasu ngakhale limodzi.

Kutacha ndinaona chifukwa chake. Adzukulu anali atakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa khola, makasu ndi mapiki atawagoneka. Amalume anapita kukalankhula nawo, nabwerako nkhope itagwa. Akuti sakumba. Akuti malemu anali munthu womana, zaka zonsezi ankamwa tiyi wawo okha atatseka chitseko, ndiye tiyi yemweyo awakumbire manda.

Bambo anagwira ntchito yophika kwa Mtchaina wina ku Joni. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga ndi mawailesi, iwo anabwera ndi tiyi wotchedwa puwa, masamba oumbidwa ngati mbale zaphwatalala, zisanu ndi ziwiri, zokulunga m'mapepala. Ankamusunga mumtsuko wouma kuchipinda, kutali ndi utsi, sopo ndi palafini, chifukwa tiyi ameneyu amakoka fungo lililonse. Ankati akamakalamba ukali umatha, kukoma n'kumabwera, osati ngati anthu ena a m'mudzi muno. Pomwalira inali itatsala mbale imodzi, yakale kuposa zonse. Anali atandiuza kuti imeneyo ndi yanga, ndisaifulumirire.

Zoti anali omana zinandiwawa, chifukwa ine ndikukumbuka. Atangobwera kumene, ndili kamtsikana, anaitana amuna a m'mudzi pakhonde kuti alawe. Atataya pansi madzi oyamba, amene ndi otsukira masamba, wina anati akuthira nsembe kwa mizimu yachilendo. Atalawa analavula. Ankati ndi madzi a m'dambo, shuga mulibe, mkaka mulibe, tikapu ngati ta masanje. Anaseka mpaka misozi. Chitseko chinayamba kutsekedwa tsiku limenelo, ndipo amene ankaloledwa kulowa ndinali ine ndekha, wowiritsa madzi.

Dzuwa likukwera anthu anayamba kuchuluka, ena wapansi kuchokera kumalire, ena pa malole onyamula mbatatesi. Mafuwa anandanda kuseri kwa nyumba, utsi uli tolo, amayi akudula kabichi koma maso ali kumtengo wa mapichesi. Amuna ovina ngoma, gule wa Angoni, anafika ndi zishango zawo n'kungoima. Abusa anayang'ana wotchi kawiri. Thupi linali litagona kale masiku awiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti silingadikirenso. Amalume anapita ndi mbuzi, inabwezedwa.

"Kupatsa n'kuika," anatero mkulu wa adzukulu mokweza kuti tonse timve. "Iwowa anaika chiyani?"

Ndinapsa mtima, sindinama. Mkuluyo ndinamuzindikira, anali mmodzi wa olavula aja. Ndinalowa kuchipinda, n'kuvundukula mtsuko. Ndinatenga mbale ija, kathipoti ka bambo, tikapu tawo ndi ketulo yowira, n'kudutsa pakati pa anthu kukagwada pamaso pa adzukulu. Nditabenthula ndi mpeni panamveka fungo ngati la dothi mvula yoyamba ikagwa. Madzi oyamba ndinawataya pansi ndikuwayang'ana m'maso.

"Uku n'kutsuka chabe, bambo," ndinatero. "Ndipo musaweruze pa kapu yoyamba. Mudikire yachitatu."

Yoyamba anamwa atakwinya nkhope. Wina anafunsa shuga, ine ndinangothiranso madzi m'kathipoti. Yachiwiri anamwa tikapu tikuyenda dzanja ndi dzanja. Pofika yachitatu tiyi anali atafiira moderako. Mkulu uja anamusunga m'kamwa, kenako n'kumeza.

"Kukutsekemera kukhosi," anatero chapansipansi. "Tsiku lija tinangomwa imodzi."

"Simunamwe. Munalavula."

Mawuwo anangondipulumuka. Amalume anatsokomola kumbuyo kwanga, ndipo amayi ophika anasiya mipeni. Ndinadziwa kuti pakamwa pangapa paika bambo pamavuto. Mkuluyo anayang'ana pansi nthawi yaitali, pamalo ponyowa pamene ndinataya madzi. Kenako anandibwezera kapu ndi manja awiri, n'kutola khasu lake.

"Wotsalayo mutitumizire kumanda, mayi," anatero. "Kukuzizira."

Sakanandipempha chinthu chovuta kuposa chimenecho, koma ndinavomera. Mbiri itamveka aliyense anafuna kulawa, a ngoma, abusa, ngakhale amayi amene ankati bambo anali ndi zizimba mumtsuko. Ndinakhala ndikubenthula ndi kuthira madzi masana onse, makasu akumveka kumanda, mpaka m'pepala munatsala fumbi lokha.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kamvula kakuwaza. A ngoma anatsogola akuponda pansi mwamphamvu, bokosi pambuyo pawo, ife tikulira. Ndinaona mkulu wa adzukulu atatsikira yekha m'dzenje kukalandira bokosi kumutu, ngakhale panali achinyamata oti akanatero.

Madzulo anthu anabalalika, moto wa kuseri unazilala. Achibale otsala anali ziii ndi kutopa. Ndinakhala ndi mayi pabalaza, mtsuko wopanda kanthu uli pakati pathu. M'kathipoti munali masamba omaliza, otopa kale, koma ndinathiramo madzi otentha n'kupatsa mayi kapu. Tiyiyo anali wotuwa, komabe kukhosi ankamveka. Mphepo yozizira italowa ndinadzuka kuti nditseke chitseko.

"Chisiye chotsegula, mwanawe," anatero mayi.