Lamulo lachitatu la Kezia Zgambo

Amene wadutsapo pa Champhira tsiku la msika ayenera kuti anamuonapo Kezia Zgambo, ngakhale sanamudziwe dzina. Ndi telala uja amakhala pa khonde la sitolo yobiriwira, mapazi ali pa chopondera makina, chingwe cha mahedifoni chikulendewera kukhutu limodzi. Khutu linalo amasiyira makasitomala. Ambiri amayesa kuti akumvera nyimbo za kwaya. Ayi ndithu, amakhala akumvera amayi makumi anayi ndi atatu.

Kezia anabadwira ku Engutwini, mwana wachinayi m'banja la alimi a chimanga ndi nyemba. Sukulu analekezera Fomu 2, kenaka azakhali ake a pa boma la Mzimba anamutenga n'kumuphunzitsa kusoka. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba anangokhalira kuika mabatani. Ali ndi zaka 22 anakwatiwa ndi Wilkins Shaba, yemwe nthawi imeneyo ankacheka matabwa ku Chikangawa. Ntchito ya matabwa itachepa, Wilkins anachita zimene amuna ambiri a kuno amachita: anakwera basi ya ku Joni. Munali mu 2017, mwana wawo Brave akuphunzira kumene kuyenda. Kezia anatsala pamudzi pa apongozi ake, ali ndi makina ake ndi foni imene mwamunayo anatumiza patatha miyezi itatu.

Mu 2020, malire atatsekedwa chifukwa cha mliri, pa khonde lake panayamba kubwera amayi odzasoketsa zophimba kukamwa. Ankati akalandira zawo, osanyamuka. Onse amuna awo anali ku Joni, onse nkhawa inali imodzi, koma kunyumba kunalibe woti n'kumuuza. Ukadandaula kwa apongozi, akuti ukunyoza mwana wawo. Ukadandaula kwanu, akuti bwerera. Kezia anatsegula gulu la pa WhatsApp la anthu asanu ndi mmodzi n'kulitcha Tilipo. Chaka chisanathe munalowa a ku Jenda, a ku Embangweni, a kumalire a Kasungu, ndi namwino wina wa ku Dedza, ndiye Chichewa ndi Chitumbuka zinkangosakanikirana ngati nyemba za pamsika.

Gululi lili ndi makhalidwe ake. Ambiri salemba, amajambula mawu, ndipo mawuwo asapitirire mphindi zitatu. Mnzako akadandaula, yankho loyamba ndi liwu limodzi lokha, "Tilipo." Malangizo amabwera pokhapokha mwini wake atawapempha. Malamulo enieni ndi atatu. Loyamba, mverani ndi mahedifoni ndipo mukamva fufutani, chifukwa foni zimagona kotchajitsa ndipo alamu amabwereka. Lachiwiri, m'gulu simugulitsidwa kanthu, kaya ndi kaunjika kaya ndi nkhuku. Lachitatu linabwera mochedwa, ndipo linabwera ndi misozi.

Mayi wina wansangala, Providence Nyirenda, tsiku lina anaponya m'gulu chithunzi chimene mwamuna wake anamutumizira. Pachithunzipo panali mwamuna wa mnzawo wina atakhala pa udzu ndi mkazi wachilendo. Mwini mwamunayo analongedza tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kwa apongozi monga mwa mwambo wa lobola. Patapita milungu itatu zinadziwika kuti mkazi wa pachithunzi anali msuweni wake wa mwamunayo. Banjalo linabwererana movutikira, koma mayiyo sanalowenso m'gulu. Kezia anachotsa Providence ndi chala chake, n'kuika lamulo: nkhani ya mwamuna wa mnzako imene wamva kuchokera ku Joni usainyamule, m'gulu kapena kunja kwa gulu. Wonyamula atuluka. Zaka zitatu lamuloli linasunga mtendere, ndipo Kezia ankalinyadira kuposa ena awiriwo.

Chaka chatha mu Juni, Wilkins anasintha. Munthu amene Lamlungu lililonse ankaimba foni ya vidiyo kuti aone mano a Brave, anayamba kungolemba: "Ndili bwino, netiweki ikuvuta." Kezia akaimba, osayankha. Katundu amene ankatumiza pa galimoto za thiransipota anasiya kubwera. Julayi anadutsa, Ogasiti anadutsa. Kezia anali atamvera nkhani zotere kambirimbiri m'khutu lake lija, ndipo ankadziwa mmene zimathera. Mu Seputembala, kwa nthawi yoyamba chiyambire gululo, mwini wake anajambula dandaulo lake.

"Amayi, lero ndine. A Shaba andiiwala. Ndikuganiza kuti apeza wina. Malangizo sindikufuna, ndangoti mudziwe."

Mayankho anagwa ngati matalala. Tilipo. Tilipo, mama. Tilipo chomene. Anawerenga makumi anayi ndi limodzi, ndipo mtima unakhalako pansi. Anaona kuti Sellah Tembo, mnzake wapamtima amene mwamuna wake Bestone amakhala dera limodzi ndi Wilkins, sanayankhe. Anangoti mwina alibe bandulo.

Lachisanu lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, pa khonde panafika Providence ndi diresi m'manja. Chichotsedwereni m'gulu sanasiye kusoketsa kwa Kezia, ati telala wabwino sakwiyiridwa.

"Odi pa fakitale! Mundichepetsereko m'chiunomu, a adimini. Ndawonda ndi nkhawa za anthu ena."

Kezia anaseka, n'kuyamba kumuyeza, mapini ali kukamwa.

"Nanga awiske Brave, mwendo uja ukupolako?" anafunsa Providence za Wilkins, akukweza mikono.

Kezia analavulira mapini m'dzanja. "Mwendo wa chiyani?"

"Uja anathyoka pawiri mu Juni, atagwa padenga pamene ankafolera. A kwathu akuti tsopano akuyendera ndodo." Providence anatsitsa mikono pang'onopang'ono. "Asa! NyaZgambo, simukudziwa? Inu? Ku Joni nkhaniyi ngakhale agalu akuidziwa."

Kezia anaphimba makina ndi chitenje, diresi la Providence lili pomwepo, n'kukwera kabaza kupita kwa Sellah. Anamupeza akupeta nyemba kuseri kwa nkhokwe. Sanapereke moni.

"Iwe Sellah, unadziwa liti?"

Lichero linaima. Sellah sanafunse kuti chiyani. "Tsiku lomwelo. Amene anamutengera kuchipatala ndi a Bestone. Mpaka lero akugona m'chipinda chawo."

"Miyezi isanu! Ine ndikulira m'khutu mwako kuti andisiya, iwe uli duu?"

"Khala pansi, ndapota."

"Sindikhala. Ndani winanso?"

Sellah anawerenga ndi zala, n'kutchula mayina. Anakwana asanu ndi anayi, kuphatikizapo iye mwini. Asanu ndi atatu mwa iwo anali atalemba "Tilipo" tsiku lija.

"A Shaba anapempha amuna onse kuti usamve," anatero Sellah. "Akuti mwamuna wopita kukasaka sangatumize uthenga woti akudyetsedwa ndi anzake. Koma zimenezo ine sindikanazisamala, manyazi a amuna ndimawadziwa. Chimene chinandimanga ndi iwe. Kanayi konse ndajambula mawu, kanayi ndafufuta. Providence unamuchotsa ine ndikuona. Unati m'gulu kapena kunja kwa gulu. Unati ngakhale atakhala mchemwali wako."

"Ndinkanena za akazi a pa zithunzi!"

"Sunatero, mama. Unati nkhani ya mwamuna wa mnzako. Mbwenu ife tinamvera." Sellah anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Tsiku unadandaula lija ndinalephera kulemba liwu lija. Ndikanalemba bwanji kuti ndilipo?"

Apo Kezia anakhala pansi, pa mtondo wogona. Sellah anaimba foni ya Bestone n'kumupatsa. Patapita kanthawi kunamveka mawu amene anali asanawamve chiyambire Juni, ofooka, ngati a munthu wobwereka pakamwa.

"Anyina Brave..."

"Mwendo uti?" anatero Kezia.

"Wamanzere."

"Makina anga amapondedwa ndi wamanja. Bwerani kunyumba."

Mpaka Lolemba gulu silinamve mawu ake. Ankasoka khutu lili lopanda chingwe, ndipo makasitomala ankamufunsa ngati akudwala. Kawiri anatsegula foni n'kuika chala pa malo otsekera gululo. Chimene chinkamuwawa sichinali chete wa Wilkins, poti mwamunayo anali ndi manyazi ake. Chinali "Tilipo" wa anthu asanu ndi atatu aja. Ankadzifunsa ngati liwulo linali bodza kuyambira kale. Koma akakumbukira nkhope ya Sellah kuseri kwa nkhokwe, ankaona kuti amayiwo sanamunamize chifukwa chomuda. Anamumvera. Iye ndi amene anasoka chovala chothina, n'kuuza aliyense kuti asachimasule ngakhale chikumupweteka. Komanso akati achotse lamulolo, ankakumbukira ana aja anatsala kwa agogo awo chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Yankho analipeza Lamlungu akuchokera ku tchalitchi. Anaona abambo awiri akulowa pamudzi woyandikana nawo, zipewa zili m'manja, n'kukhala pansi kudikira mwini nyumba. Anali atabweretsa uthenga wa matenda aakulu. Kuno uthenga wolemera sufuulidwa pamsewu, komanso subisidwa. Amatuma munthu wodziwika, amafika, amakhala pansi, ndipo amanena zimene waona kapena wazitsimikiza.

Lolemba m'mawa Kezia anajambula mawu a mphindi zisanu ndi ziwiri, kuphwanya mwambo wake womwe. Anafotokoza za mwendo wa Wilkins. Sanatchule anthu asanu ndi anayi aja. Anati, "Lamulo ndinaika ndine, ndipo landiluma ndine. M'gulu muno nkhani za amuna a anzathu zisalowe, zimenezo zikhale. Koma aliyense asankhe munthu mmodzi womuuza. Ukamva kanthu ka mwamuna wa mnzako, pita kwa womuuza wa mnzakoyo. Iye afufuze kaye, akatsimikiza apite ndi miyendo yake, akakhale pansi. Osati pa foni. Ndipo aliyense anene yekha zimene akufuna kuuzidwa."

Kukambirana kunatenga sabata yathunthu, ndipo sikunali kofewa. Namwino wa ku Dedza anati munthu ali ndi ufulu wobisa matenda ake, ngakhale kwa mkazi wake. Wina anamuyankha kuti ufulu umenewo ukathera pa bokosi la maliro lobwera pa ngolo ya thiransipota. Pomaliza anavota. Za matenda ndi ngozi, onse makumi anayi ndi atatu anati auzidwe, namwino yemwe. Za kumangidwa, onse kupatula awiri. Za mkazi wina, khumi ndi asanu ndi awiri anati auzidwe, otsalawo anati ayi, mitima yawo ikudziwa kale ndipo safuna mboni. Kezia sanatsutse aliyense. Analemba zofuna za munthu aliyense kumapeto kwa kope lake la miyeso, pafupi ndi ziuno ndi mapewa awo.

Providence atabwera kudzatenga diresi lake, Kezia anamupempha kuti abwerere m'gulu.

"Ine wa pakamwa ine? Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Chithunzi chija unalakwa, ndipo ukadzabwerezanso ndidzakuchotsanso."

"Yewo, a adimini. Koma m'chiunomu mwathinitsa dala, ndaona."

Womuuza wake Kezia anasankha Sellah. Ena anadabwa, koma iye anati munthu amene wasenzapo chete kwa miyezi isanu sangafunenso kumusenza.

Wilkins anatsika basi pa Jenda sabata ya Khirisimasi, ndi chikwama chimodzi ndi ndodo ziwiri. Masiku ano amakhala pa benchi pambali pa makina, akuika mabatani. Kezia wamuuza kuti akatha miyezi isanu ndi umodzi adzamuonetsa chopondera. Amayi a m'gulu anakana kuti Kezia atuluke ngakhale mwamuna wake wabwera, ndiye chingwe chija chidakalendewera. Wilkins akafunsa kuti kodi m'menemo mumatinena ife, Kezia amangoti, "Batani ilo mwaika mokhota."

Mwezi wa Febuluwale, Lachitatu masana, foni ya Kezia inalira. Anamvera, n'kuimba kawiri ku Joni kufunsa anthu awiri osiyana. Kenaka anatsegula kope la miyeso kumapeto. Nkhaniyo inali ya mwamuna wa mtsikana wina wa ku Embangweni, amene anakwatiwa chaka chathachi. Mtsikanayo anali atasankha Kezia ngati womuuza, ndipo anati auzidwe zonse zitatu.

Kezia anaganiza za kujambula mawu, mphindi imodzi yokha ikanakwana. Apo m'pamene anamvetsa bwino za kanayi ka Sellah. Anavula mahedifoni, anaphimba makina ndi chitenje, n'kuuza Wilkins kuti wa yunifolomu akabwera amuuze mawa.

"Mukupita kuti dzuwa lonseli?"

"Kukakhala pansi," anatero Kezia, akukodola wa kabaza.