Ufa wa Msuweni Wanga

Mbuzi yanga itasowa sindinavutike n'kufufuza. Woti ndimuloze chala ndinali naye kale: mnyamata wa kutsidya, amene tinkaphunzira limodzi ku mishoni ku Bembeke ine ndisanaithawe sukulu. Iye anapitiriza, mpaka anayamba kuvala malaya. Malayawo ndikanapirira. Chinkandidya mumtima ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, amene ndinkati ndidzakwatira ine. Masiku amenewo akamapita kukatunga madzi ankachedwa dala pampanda wa mnyamatayo. Ndinati ameneyu akamangidwa unyolo n'kukalambula msewu, mtsikanayo andikumbukira.

Ndinakasuma ku boma ku Dedza. Tsiku la mlandu ndinalawirira chifunga chisanachoke, tambala ali m'khwapa.

"Tambalayu ngwachiyani?" anafunsa womasulira, bambo wa imvi.

"Amwe mwavi m'malo mwa wakubayo. Akafa, ndiye kuti anabadi."

"Bisa msanga, mphwanga! Mwaviwo ukumangitsa iweyo. Mboni zako zili kuti?"

Mboni ndinalibe. Mzungu woweruza anafunsa ngati ndinamuona akutenga mbuziyo. Ayi. Chikopa ndinachipeza kwawo? Ayi. Nanga ndadziwa bwanji? Ndinati nkhope yake ikuchita kuonetseratu. Asilikali anaseka. Mzungu analemba, n'kutchula liwu limodzi la Chingerezi, womasulira amvekere, "Alibe mlandu. Azipita."

Panja ndinawagwira mkono bambo aja. "Ndiye kuti amukhululukira?"

"Amakhululukira wolakwa. Uyu sanamupeze n'cholakwa."

"Ndibweranso mwezi wamawa."

"Ndi mbuzi yomweyi? Yatha imeneyo. Munthu akamasulidwa chonchi saimanso pa mlandu womwewo. Tandisiya mkono, undithyola."

Pomwepo kunamveka nthungululu. Kwathu wopambana mlandu amamuthira ufa kumutu, ndipo ndinkayesa amuthira ndi amayi ake. Koma amene anamasula kansalu ka ufa anali msuweni wanga. Anachita kunyanyamphira kuti afikire, mnyamatayo n'kuweramitsa mutu akuseka, ufa uli mbuu mpaka m'malaya. Ufa umenewo anausinja dzulo lake, mlandu usanazengedwe n'komwe.

Njira yobwerera inali imodzi. Ndinayenda kumbuyo kwawo mtunda wonsewo, iwo akuimba, ine ndikukukuta mano.

Titakolola, mnyamatayo anabwera kudzamanga nyumba ya ukwati pakhomo pa amalume. Udzu wofolera amalume anatuma ine kukamweta.