Ndende Yopanda Buku

Atate anagwira ntchito ya uwoda kundende ya ku Mukobeko mpaka kupuma, ndipo ankakhulupirira chinthu chimodzi: munthu salowa m'ndende osalembedwa m'buku. Ukawatsutsa, ankakuyang'ana ngati wawaponda chala.

Agogo awo aamuna, kwathu ku Petauke, anali ndi mlongo wawo amene anagwidwa ali kumunda m'masiku a ukapolo. Akuti anamutengera kunyanja yamchere n'kumutsekera m'linga la asilikali achizungu. Maliro ake sanalirike, poti panalibe choika m'manda.

Nditayamba kuyendetsa thiraki yopita kudoko la kunyanja yamchere, atate anandiitana kwawo ku Bwacha. Anali atayamba kale kudwala.

"Iwe, ukafika kulinga lija ukapemphe buku. Ukamupeza, ukatape dothi la m'chipinda chake, tidzamuike monga munthu."

"Atate, papitatu zaka zambirimbiri."

"Buku silitayidwa!"

Ndinapita. Khoma lalitali, lochindikala, mizinga yadzimbiri italoza kunyanja, alendo akujambulitsa atakhala pamwamba pake. Bambo wotionetsa malo ankatchula mayina a akazembe mmodzimmodzi, ngakhale a zombo zawo. Ndinawakokera pambali n'kuwauza dzina la mtsikanayo. Sanandiseke, anali munthu waulemu wake. Anati akapolo ankangowerengedwa mitu basi, ndipo malinga otere alipo ambiri m'gombe monsemo, mwina iyeyo sanafike n'komwe pano. Kalanga ine! Ndinatapa mchenga pachipata, pomwe aliyense amaponda, n'kuthira m'botolo lomwe ndinkamwera madzi.

Nditabwerako, atate ndinawapeza atagona pakhonde, atawonda zomvetsa chisoni.

"Wamupeza?"

"Ndamupeza, atate."

"Chipinda nambala chani?"

"Folo."

Anagwedeza mutu ngati woda wolandira lipoti, nakumbatira botolo lija, misozi ili chuchuchu. "Si ndinakuuza?"

Anamwalira mvula isanayambe. Anali atalamula kuti mchengawo ulowe nawo m'bokosi, kuti mtsikanayo asagonenso yekha. Ndinauika ndekha ndi manja angawa, abale akundiyamikira kuti ndabweza mzimu kwawo. Tsiku limenelo ndimadana nalo mpaka lero. Ana anga tsopano amauza anzawo monyadira kuti gogo wathu anali m'chipinda nambala folo, ine osawatsutsa.