Mitundu Itathawa pa Sikirini ya Bambo Aja

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza sukulu ndinaipeza ku Old Town, pa kakampani kena kolemba mapulogalamu a kompyuta. Ofesi yathu inali pamwamba pa sitolo ya nsalu ya banja lina lachisilamu. Fumbi la mumsewu linkalowa ngakhale titatseka mawindo, ndipo oitanira minibasi tinkawamva ngati ali m'chipinda momwemo.

Tebulo langa linagundana ndi la bambo ena achikulire, a kumpoto, amene anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma. Kumeneko ankasamala makompyuta a unduna wina kuyambira kale, makina akadali aakulu ngati kabati. Atapuma sanafune kungokhala pakhomo, ndiye abwana athu anawatenga kuti aziyang'anira pulogalamu yotumiza mauthenga a pafoni kwa alimi. Anali munthu waulemu kwambiri. Ine ndinali msinkhu wa mwana wawo womaliza, koma ankanditcha "mayi", ndipo akafuna kundifunsa kanthu ankayamba adikira kuti ndichotse manja pa kiyibodi.

Pa ntchito yathuyi timalemba malamulo oti kompyuta itsate, omwe timangoti khodi, ndipo timawalembera mu pulogalamu yotchedwa edita. Editayo imapaka mawu mitundu. Mawu olamula amakhala abuluu, uthenga woti munthu adzawerenge umakhala wa olenji, ndemanga zongodzikumbutsa zimakhala zobiriwira, ndipo pamene walakwitsa pamabwera kamzere kofiira. Mitunduyi si yokongoletsa ayi. Ukaizolowera, diso limaona cholakwa mutu usanaganize n'komwe.

M'mawa wina bambo aja anatembenuza mpando nati, "Mayi, mukapeza mpata mundionereko edita yangayi. Mitundu yathawa."

Ndinasendera pafupi. Ine mitundu ndinaiona, koma sikirini yawo inalidi yakale ndi yakuda pang'ono, moti ndinaganiza kuti akunena za kufooka kwake.

"Yathawa bwanji, bambo?"

"Yasuluka. Zonse zikungooneka ngati madzi otsukira mbale."

Ndinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Ndinaona ngati dzina la fayilo lathera bwino, chifukwa edita imadziwira pamenepo chinenero cha khodi, ndipo dzina likalakwika siipaka kalikonse. Linali bwinobwino. Ndinasintha kapakidwe ka mitundu n'kuika kena. Anayang'ana, napendeketsa mutu, nati, "Bola pang'ono." Mawa lake anati zabwerera.

Masiku otsatira ndinachita zonse zimene ndinkadziwa. Ndinachotsa tizowonjezera tonse timene anaika mu edita, kamodzikamodzi, poganiza kuti kena kakulimbana ndi kanzake. Ndinafufuta fayilo imene edita imasungamo zokonda za mwini wake kuti iyambirenso ngati yatsopano. Ndinaichotsa yonse n'kuiikanso. Ndinasintha chingwe cha sikirini. Potsiriza ndinanyamula sikirini yanga n'kuwapatsa, ine n'kutenga yawo. Nthawi zonse ankathokoza kwambiri, kenako n'kuyandikitsanso nkhope ku sikirini, ndipo ndinkadziwa kuti sizinatheke. Nkhaniyi inayamba kundikhala pamtima. Ndili mu minibasi ndinkangoganiza kuti kodi chatsala n'chiyani chimene sindinayese.

Zinadziwika Lachisanu lina masana. Anzathu anali atapita kukadya, ndipo pansi anali atatseka sitolo kupita kumzikiti, moti nyumba yonse inali zii. Bambo aja sanapite kukadya. Kuyambira m'mawa pulogalamu yawo inkakana kuyenda, ndipo alimi ankayenera kulandira uthenga tsiku lomwelo. Ndinkawaona atayandikitsa nkhope ku sikirini, chala chikuyenda mzere ndi mzere.

"Bambo, ndikuthandizeni?"

Anasuntha mpando kuti ndione. Nditangoyang'ana ndinaona vuto. Theka lonse la sikirini linali la olenji, kuyambira pakati mpaka pansi. Uthenga umene analemba unali wakuti alimi atengere ng'ombe zawo ku dibu. Mu khodi uthenga timautsekera pakati pa tizizindikiro tiwiri ta m'mwamba, ndipo kachizindikiro komweko ndi kamene kali m'mawu akuti ng'ombe, kaja kusukulu ankati nkhodolero. Kompyuta itafika pa nkhodolero ya ng'ombe inayesa kuti uthenga wathera pomwepo. Kenako itafika pa kachizindikiro kenikeni kotsekera inayesa kuti uthenga wina wayamba, ndipo zonse za m'munsi inaziona ngati uthenga umodzi wosatha. Aliyense wolemba Chichewa mu khodi zimenezi zinamugwerapo.

Ndinaseka. "Ndi ng'ombe yanuyi, bambo! Taonani mmene yapakira olenji ponseponse."

"Pati?"

"Apa, kuyambira apa mpaka pansi."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa mzere wa m'mwamba, pomwe panali buluu ndi zobiriwira, nachitsitsira m'munsi.

"Apa ndi apa, mukuti n'zosiyana?"

Kuseka kunandithera. Ndinati, "Eya, bambo. N'zosiyana kwambiri."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Kuwala kwa pawindo kunawagunda kumaso, ndipo ndinaona pakati pa diso lawo pali kamtambo kotuwa. Ndinali nditakhala nawo moyandikana miyezi yonseyo, koma mwana sayang'anitsitsa munthu wamkulu m'maso.

Ndinakonza uthenga uja, pulogalamu inayenda, mauthenga anapita. Kenako bambo aja anayamba kulankhula motsitsa mawu, akuyang'ana pakhoma. Anati galimoto anasiya kuyendetsa chifukwa dzuwa likawawala kutsogolo msewu unkasowa, koma iwo anauza mayi a kunyumba kuti injini ikuvuta. Anati kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, buku la nyimbo ankangolitsegula, nyimbo n'kumaimba za pamtima. Anati edita ankafunitsitsa kuti ikhale ndiyo yawonongeka, chifukwa edita imakonzeka.

"Bambo anga anamwalira osaona," anatero. "Ndinkawatsogolera ndi ndodo popita kuseri. Ine sindikufuna kuti mwana wanga adzandigwire dzanja choncho." Anapukuta magalasi ndi mpango. "Chonde, mayi, abwana musawauze. Akadziwa andiuza kuti ndikapume, ndipo ndikakhala pakhomo ndiye ndatha."

Ndinalonjeza kuti sindinena. Koma ntchito inkayenera kuyenda, ndiye masana omwewo tinayamba kupanga kapakidwe kawokawo. Ndinadetsa sikirini yonse kuti ikhale bii, n'kukulitsa zilembo. Ndinkaika mtundu n'kufunsa, "Uwu mukuuona?" Iwo ankati ayi, kapena ankati ukufanana ndi uja wapita. Buluu ankangosowa mumdima. Zobiriwira ndi zotuwa zinali chimodzimodzi. Zimene ankazisiyanitsa bwino zinali zoyera, chikasu chowala kwambiri, ndi pinki wina waukali amene ine ankandipweteka m'maso. Mitundu itatithera ndinagwiritsa ntchito maonekedwe a zilembo. Mawu olamula ndinawanenepetsa, uthenga ndinaudula mzere kunsi, ndemanga ndinazipendeketsa, ndipo cholakwa ndinachiikira chibokosi chonse m'malo mwa kamzere.

Kuti tiyese, ndinabwezeramo dala nkhodolero ija. Mizere yonse ya m'munsi inadulidwa mzere kunsi nthawi imodzi. Bambo aja anadzidzimuka, naloza, nati, "Iyo! Ndayiona!" Anaseka ngati mwana, kenako anandigwira paphewa n'kunena m'chinenero chakwawo, "Yewo, mwana wane."

Ndinalimba mtima pamenepo. Ndinati, "Bambo, izi zikuthandizani kwa kanthawi chabe. Abwana sindiwauza, koma inu muuzeko achemwali." Ndinkanena mwana wawo wamkazi woyamba, amene ankakhala ku Area 43 ndipo nthawi zina ankawatumizira chakudya ku ofesi. Anati aganiza. Anaganizadi kwa milungu ingapo, ine osabwerezanso, kuopa kuoneka wamwano. Ntchito ankaigwira bwino ndi sikirini yawo yachilendoyo. Anzathu akadutsa n'kufunsa, ine ndinkayankha kuti ndi kapakidwe katsopano kamene tikuyesa.

Tsiku lina m'mawa mwana wawo uja anakwera masitepe athu, makiyi a galimoto ali m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu, nanditengera pambali. Anati bambo anawauza zonse patebulo, mayi ali pomwepo, ndipo mayi anangoti ankadziwa kale kuti injini ilibe vuto. Tsiku limenelo ankapita nawo kwa dokotala wa maso.

Inali ng'ala, m'maso onse awiri. Dokotala anati ndi matenda ofala kwa achikulire ndipo ng'alayo amaichotsa pa opaleshoni, m'diso limodzi kaye, linalo pambuyo. Bambo aja anakalowa okha mu ofesi ya abwana n'kufotokoza. Abwana sanawachotse. Anangodandaula kuti bwanji sananene msanga, nawapatsa tchuthi. Pulogalamu ya alimi inatsala m'manja mwanga, ndipo m'mene ndinkawerenga khodi yawo ndinaona kuti ngakhale m'miyezi imene sankaona bwino, mzere uliwonse unali ndi ndemanga yofotokoza, yolembedwa mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo.

Anabwerera diso loyamba litapola. Anakhala pampando, nayatsa kompyuta, natsegula edita. Chikasu ndi pinki zinawawalira kumaso. Anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Mayi! Izi ndi zimene ndakhala ndikugwirira ntchito?"

"Munasankha nokha, bambo."

"Ndipo anthu onsewa ankangondiyang'ana?"

Ofesi yonse inaseka, iwonso anaseka mpaka kupukuta misozi mosamala ku diso lopolalo. Ndinawabwezera mitundu ya masiku onse. Anakhala kanthawi akungoyendetsa fayilo m'mwamba ndi m'munsi osalemba kanthu, akutchula okha, "Buluu uyu. Zobiriwira izi."

Pa nthawi ya tiyi anatiuza zimene anapeza kunyumba. Atatsegula kabati anaona tayi ya pepo wowala, yokhala ndi timadontho ta chikasu, nafunsa mayi kuti ndi ya ndani. Mayi anati ndi yawo, anagula okha kumsika, ndipo ndi imene akhala akuvala Lamulungu lililonse poimirira kutsogolo kwa mpingo. Iwo ankayesa kuti ndi yakuda. Atafunsa kuti bwanji sanawauze, mayi anayankha kuti inkawakhala bwino, ndipo amayi a chigwirizano ankaiyamikira.

Diso lachiwiri analichita opaleshoni nyengo ya mvula itayamba. Anagwira nafe ntchito mpaka pulogalamu ya alimi itasamutsidwira ku makina atsopano, kenako anapuma mwa kufuna kwawo, n'kubwerera kumpoto akuyendetsa okha galimoto yawo.